Kamera ya ku Kawale

Mvula ya tsikulo inayamba Leah ali chigonere pa bedi m'wodi ya amayi oyembekezera ku Likuni. Anali atagonekedwa chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, pakati pake pali pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo adokotala anali atamuuza mosapsatira kuti ntchito yake inali kugona ndi kusaganiza zambiri. Mwamuna wake, Mackson, anali pa ulendo wa ku Beira ndi thiraki ya kuntchito. Mayi ake a Leah, amene ankamudikirira, anali atapita kukachapa kumipope ya kuseri. Masana ngati amenewo Leah ankatsala ndi foni yake basi.

Kusaganizako n'kumene kunkamukanika. Ku Kawale anali ndi sukulu ya mkaka imene anaiyambitsa yekha m'nyumba ya lendi, kumunsi kwa msewu, pafupi ndi kamtsinje kamene nthawi ya chilimwe kamangodzaza majumbo ndi mabotolo. Ana a pasukulupo anali a azimayi a mumsika, a matelala, a owotcherera zitsulo, anthu ochoka pakhomo kusanache n'kubwerako dzuwa litapendeka. Ambiri ankaweruka masana, koma ena ankatsala mpaka makolo awo atabwera. Tsikulo otsalawo anali ndi Eneless yekha, mphunzitsi amene anayamba naye sukuluyo, chifukwa mnzake anali atapita kumaliro ku Dedza.

Leah asanagonekedwe, mlongo wake wamng'ono Clifford, amene amaika makamera m'mashopu ndi m'matchalitchi ndipo ali ndi kashopu kake ku Area 23, anamuikira kamera imodzi pakona ya chipinda chachikulu, m'mwamba pafupi ndi denga. Inkaona mphasa za ana, chitseko chotulukira panja, ndi kanjira kopita ku kachipinda kosungiramo katundu. Pa shelufu pambali pake anaikapo kabokosi kokhala ndi simu khadi ndi batire.

"Zimene kamerayi ikuona zimapita pa intaneti ku kompyuta yaikulu ya kutali, timaitcha seva," anamuuza tsiku limenelo ali pa makwerero. "Inu pa foni mumaonera zochokera kumeneko, osati kuno. Netiweki ikadula, kamera imasunga kaye pa kakhadi kake, ikabwera n'kutumiza zotsalazo."

Leah anangomva theka la zimenezo. Iye chimene ankafuna chinali kuona ana.

Masanawo anatsegula foni monga ankachitira masiku onse. Ku Likuni mvula inali yabwinobwino, yongowaza m'mawindo. Pa foni ana anali atagona pa mphasa atatha kudya, ena atasanjika miyendo pa anzawo. Eneless sankaoneka, ndipo Leah anaganiza kuti ali kukhitchini akutsuka makapu a phala. Mawu a ana sankamveka. Kunali chiphokoso chimodzi chosalekeza, ndipo panapita kanthawi asanazindikire kuti ndi mvula ikumenya malata.

Kenako anaona mzere wakuda pansi pa chitseko chotulukira panja.

Poyamba anauyesa mthunzi. Koma mthunziwo unkakula, ukufutukuka pa simenti pang'onopang'ono mpaka unakhudza mphasa yoyamba. Chidole cha pulasitiki chimene chinali pafupi ndi chitseko chinayamba kuyenda chokha.

Leah anadzuka n'kukhala tsonga. Anaimbira Eneless. Atangoimba, kanema anachoka pa foni, iye n'kutsala akumvetsera foni ya Eneless ikuitana popanda woyankha. Anadula n'kubwerera ku kanema. Madzi anali atafika pa mphasa yachiwiri, ana awiri atadzuka akuyang'ana m'manja mwawo. Anaimbanso, osayankhidwa. Ataimbanso kachitatu Eneless anayankha.

"Madamu, madzi," anatero akupuma mwa wefuwefu. Kumbuyo kwake ana ankalira onse pamodzi. "Mpanda wakumbuyo wagwa, mtsinje wonse ukudutsa pabwalo. Andifika m'maondo. Ndikutulutsa ana."

"M'maondo? Ine ndikuona angofika pa mphasa."

"M'maondo, Madamu. Ndipezereni anthu."

Foni inaduka. Leah atabwerera ku kanema anaona Eneless akungolowa kumene m'chipindamo, madzi ali m'mapazi. Apo m'pamene anamvetsa kuti zimene ankaonazo zinali zakale. Kanema ankafika mochedwa, ndipo iye sankadziwa kuti akuchedwa motani.

Munthu wapafupi amene anam'kumbukira anali Che Shaibu, owotcherera zitsulo amene shopu yawo ili kumtunda kwa msewu, moyandikana ndi mzikiti. Mwana wawo wamkazi, Aliya, wa zaka zitatu, anali m'gulu la otsala masana. Che Shaibu anayankha msanga.

"Bambo a Aliya, ndine Leah wa kusukulu. Madzi alowa m'nyumba, ana ali momwemo ndi Anti Eneless okha. Thamangani ndi anthu amene muli nawo."

Che Shaibu sanafunse kanthu. Leah anamva chitsulo chikugwa pansi, mawu awo akuitana mayina a anthu, kenako foni inaduka.

Anabwerera ku kanema. Tsopano ankayenda modukiza, kuima, kulumpha, kuimanso. Anaona Eneless atabereka mwana mmodzi, wina atam'nyamula m'manja, ena atam'gwira siketi. Chithunzi chinauma. Chitasuntha, chitseko chinali chotsegula ndipo m'chipindamo munali azibambo angapo akunyamula ana awiriawiri. Che Shaibu anawadziwira kachipewa kawo koyera. Timipando tofiira ta ana tinkayandama. Kenako chithunzi chinaumiratu, kamkombero koyera kakuzungulira pakati pake, ndipo pamapeto pake galasi la foni linada, pakungolembedwa kuti kamera sikupezeka.

Mayi wa pa bedi loyandikana nalo, Mwiza, amene nayenso ankadikira tsiku lake, anali akumuyang'ana nthawi yonseyi.

"Asisi, kwagwanji?"

Leah anamufotokozera mwachidule, maso ali pa foni yakudayo. Ankaigwedeza ngati kuti kuigwedezako kubweza chithunzi. Asanamalize kufotokoza, foni inalira. Anali Eneless.

"Tawatulutsa, Madamu. Ali pakhonde la mzikiti, azimayi akuwafunditsa zitenje."

Leah anatsitsa mapewa n'kutsamira khoma. Koma Eneless sanadule, ndipo kapumidwe kake sikanasinthe.

"Koma Aliya sakuoneka."

"Bambo ake sanam'tenge?"

"Iwo amayesa ndam'tenga ine ulendo woyamba. Ine ndimayesa am'tenga iwo. Iwotu anyamula ana a eni okhaokha." Eneless anapitiriza. "Ndabwereranso m'nyumba madzi ali m'chiuno. Ndaitana, ndaitana, zii. Mwana wina akuti anamuona akutuluka pakhomo. Azibambo onse atsikira kumtsinje ndi mitengo, akufufuza m'mabango mpaka kumlatho."

"M'zipinda mwayang'ana monse?"

"M'kalasi ndi m'khitchini. Ka katundu ndinakankha, n'kotseka. Mukudziwa kamakhala kotseka nthawi zonse."

Mwana wa m'mimba anatakataka mwamphamvu. Leah anamva mutu ukugunda cha kumbuyoku, ngati munthu akuukhoma ndi nkhonya mkati. Anam'dziwa Aliya kuyambira tsiku limene anabwera naye koyamba, atakanirira pa chitenje cha mayi ake, mwana wosalankhulalankhula, wokonda kufola bwino nsapato za anzake pakhomo. Anayesa kumuona m'maganizo akutuluka pa chitseko chija kulowa m'madzi othamanga, n'kukana kumaliza ganizolo.

Mwiza anatambasula dzanja n'kum'patsa foni yake. "Imbirani pa yangayi, yanuyo muzionerapo."

Leah anaimbira Clifford.

"Clifford, kamera yazima. Madzi alowa kusukulu ndipo mwana mmodzi wasowa. Ndikufuna uone zimene inaona isanazime."

"Achemwali, inu si muli m'chipatala?"

"Tsegula, ndakupempha."

Anamva mpando ukukwekwereza, mvula ikumenya malata a kashopu kake, zala zikugogoda pa laputopu. Clifford ankalankhula yekha motsitsa monga amachitira akagwira ntchito.

"Magetsi azima mbali yonse ya uko. Koma zimene zinafika pa seva zilipo, sizinapite kulikonse. Mwanayo wavala chiyani?"

Leah anali atamuona m'mawa pa kanema yemweyo akulowa ndi kachikwama kake. "Juzi yachikasu. Amagona kukhoma, pansi pa windo."

Clifford anamuuza mmene angakokere kamzere ka pansi pa kanema kuti abwerere m'mbuyo, ndipo onse awiri anayamba kuonera limodzi, wina ku Likuni wina ku Area 23. Aliya anali atagona pamalo pake. Madzi anafika pa mphasa yake. Anadzuka n'kukhala, kugwira diresi lake, kuyang'ana uku ndi uku, kenako n'kuimirira. Pamenepo kanema analumpha. Chithunzi chotsatira chinali cha Eneless ali pakhomo ndi mwana kumsana, ndipo pansi pa windo panalibe munthu.

"Bweza," anatero Leah.

Anabweza. Zinali chimodzimodzi. Aliya anaimirira, kanema n'kulumpha.

"Pamenepo pali mpata, achemwali," anatero Clifford. "Netiweki inadula, chidutswa chimenecho sichinafike pa seva. Chikadali pa kakhadi m'kamera."

"Ndiye ukachitenge."

"Ndi mvula iyi sindingafike msanga, akuti njira zodutsa pa mtsinje zatsekeka. Koma dikirani." Zala zinagogodanso pa laputopu. "Kabokosi sikanafe. Kali pa batire. Kakumayankha kamodzikamodzi kenako n'kusowanso. Vuto n'lakuti kanema ndi wolemera, netiweki imene yatsala siingamunyamule. Ndiiuza kamera isiye kutumiza kanema, itumize tizithunzi ting'onoting'ono ta nthawi yosowayo. Bola uthenga wanga uipeze ili maso."

"Ukapanda kuipeza?"

"Ndizingotumizabe mpaka batire itatha."

Nthawi yomweyo analowa a nesi a masanawo, a Suwilanji, akukankha katebulo ka mankhwala. Atamuona Leah ali tsonga ndi mafoni awiri, thukuta lili pamphumi, anasiya katebuloko n'kubwera ndi makina oyezera bipi. Anamanga lamba pa mkono, kupopa, kuyang'ana, nkhope n'kusintha.

"Mayi, mafoni pansi. Bipi yakwera kuposa m'mawa. Mukufuna mukomoke muli ndi mwana m'mimba?"

"A nesi, kusukulu kwanga kwasowa mwana m'madzi. Kamera ndi imene ingatiuze kumene walowera. Ndikasiya ine palibenso wina wodziwa nyumbayo."

A Suwilanji anayang'ana Leah, kuyang'ana foni, kuyang'ananso makina awo. Anatenga mbulu wa mankhwala n'kum'mwetsa, kenako anam'goneka cha kumanzere n'kukhala m'mphepete mwa bedi.

"Foni ndikugwirirani ine, inu mugone chomwecho. Mutu ukanyanya kapena maso akayamba kuchita mdima, mundiuze pompo. Osabisa."

Leah anavomera ndi mutu. Sananene kuti timadontho toyera tinali titayamba kale kuuluka m'maso mwake.

Foni yake inaliranso m'manja mwa a nesi. Anali Hafsah, mayi ake a Aliya, amene amagulitsa zitenje mumsika wa m'tauni. Anali atamva uthenga n'kukwera njinga yamoto mvula ili mkati. Mawu ake anali odekha moopsa, kumbuyo kwake kukumveka mkokomo wa madzi.

"Amayi a sukulu, ndili pa mlatho. Bambo ake ali m'madzi mpaka m'khosi, akukana kutuluka. Munatiuza kuti munaika kamera. Mwana wanga analowera kuti?"

"Sindinaonebe, Mayi a Aliya. Tikudikira chidutswa chimodzi chimene sichinafike."

"Chidutswa."

"Eya. Foni yanu ikhale m'manja, ndikuimbirani ndikangoona."

Mkokomo wa madzi unapitirira kanthawi, kenako Hafsah anadula.

Anadikira. Foni ya Mwiza inali pa pilo pafupi ndi khutu la Leah, ndipo ankangomva Clifford akupuma. "Kayankha," ankatero. Kenako, "Kasowanso." Azimayi a m'mabedi ena anali atasiya nkhani zawo. Wina anatsitsa wailesi yake. Panja mvula ya ku Likuni inali itasanduka mawawa, ndipo zinkam'pweteka Leah kuti kuno kukhale bata chotere pamene ku Kawale mtsinje ukudutsa m'kalasi mwake.

"Uthenga walowa," anatero Clifford. "Tsegulani pamene palembedwa zithunzi."

A Suwilanji anadina n'kuyandikiza foni kumaso kwa Leah. Chithunzi choyamba chinafika chosaoneka bwino, ngati munthu akuyang'anira m'jumbo yonyowa. Nkhope kunalibe, kunali mabanga a mitundu basi. Pansi pa windo panali banga lachikasu. M'chithunzi chachiwiri bangalo linali litasuntha, likutsata khoma. Chachitatu chinachedwa kwambiri moti Leah anayamba kuluma chala. Chitafika, banga lachikasu linali pakamwa pa kanjira kopita ku kachipinda ka katundu. Chotsatira chinafika theka lakumwamba lokha, kumunsi kuli mbuu. Kenako chinabwera china. Chitseko cha kachipindako chinali chotsegula, mkati muli mdima, banga lachikasu lili pakhomo pake. M'chithunzi chomaliza chitsekocho chinali chotseka, chachikasu osaonekanso.

"Ndi iyeyo," anatero Leah.

"Achemwali, chenjerani. M'nyumba muja muli zigubu zachikasu, ndinaziona tsiku lija. Chigubu chikhoza kuyandama chomwecho. Mukawachotsa anthu kumtsinje, iwo n'kukapeza chigubu..."

Sanamalize. Leah ankadziwa kumene mawuwo ankapita. Ngati mwanayo anali atakodwa m'mabango penapake, akadali ndi mpweya, munthu aliyense wochotsedwa kumtsinje akanakhala dzanja limene likanam'vuula. Ndipo wowachotsa akanakhala iyeyo, ali pa bedi kutali, akudalira banga.

"A nesi, bwererani ku choyamba. Muzipita chimodzichimodzi."

A Suwilanji anachita zimenezo, kupita kutsogolo, kubwerera, kupitanso. Leah anasiya kuyang'ana chachikasucho n'kuyamba kuyang'ana mabanga ofiira, timipando tija. M'zithunzi zonse tinkalowera mbali imodzi, kukona ya windo, kumene madzi ankakankhira chilichonse. Chachikasu chokha ndicho chinkachoka kumeneko kulowera kwina, motsutsana ndi madzi. Anakumbukiranso kuti mphasa zimasungidwa m'kachipindako. Eneless anayenera kuti anatsegula potenga mphasa nthawi yogoneka ana, ndipo ali yekha ndi gulu lonselo akanatha kungokankha chitseko osakhoma. Madzi akachikankhira kotseka, munthu wochiyesa ndi dzanja limodzi angaganize kuti n'chokhoma.

"Chigubu sichipita kumene madzi akuchokera," anatero. "A nesi, ndiimbireni nambala imene yandiimbira komaliza."

Hafsah anayankha isanaitane n'komwe.

"Mayi a Aliya, sindikulonjeza. Koma ndikuona ngati analowa m'kachipinda ka katundu, kumapeto kwa kanjira, chitseko n'kum'tsekera. Ena atsale kumtsinje, asachoke onse. Inu itanani bambo ake, atenge chitsulo chotsegulira."

"Mwaona nkhope yake?"

"Ayi. Ndaona juzi."

Leah ankamva mtima wake ukugunda m'makutu.

"Ndikupita," anatero Hafsah.

Sanadule foni. Leah anamva mapazi akuthamanga m'matope, mawu a Hafsah akuitana amuna ake m'Chiyao mobwerezabwereza, mawu a azibambo akuyankha patali, mpweya wake ukutuluka movutikira. Kenako kunamveka khuvu, foni n'kuzima.

"Ndaiuza kamera izitumiza za panopa," anatero Clifford pa foni inayo. "Batire yatsala pang'ono kwambiri."

Chithunzi chinafika. M'kalasi munali madzi ofiirira okhaokha, bolodi likuoneka theka. Pa chitseko cha kachipinda ka katundu madzi anali atafika pa chogwirira. Leah ankadziwa kutalika kwa chogwirira chimenecho, ankadziwanso msinkhu wa Aliya. Anayamba kukumbukira zimene zinali m'kachipindako. Munali tebulo lakale, pamwamba pake matumba a ufa wa phala, pansi ndowa ndi matsache. Kodi mwana wa zaka zitatu angakwere pa tebulo limene lija yekha? Panali kabenchi pambali pake, ngati Eneless sanakachotse.

Chithunzi china chinafika. Pa khomo lotulukira panja panali munthu wa mpango wakuda kumutu, madzi ali pachifuwa, atagwira felemu ya chitseko ndi manja onse awiri. Anali Hafsah. M'chotsatira Che Shaibu anali atam'pitirira, kachipewa kulibe, atanyamula chitsulo chachitali pamwamba pa mutu. M'chinanso onse awiri anali m'kanjira kaja, akuoneka misana yokha.

Anadikira chotsatira. Sichinabwere.

"Yazima, achemwali," anatero Clifford motsitsa. "Batire yatha."

"Usadule."

"Sindidula."

Mayi ake a Leah anali atabwera ndi beseni la zochapa, ataima kumiyendo kwa bedi osadziwa chimene chikuchitika, ndipo Mwiza ankawanong'oneza. A Suwilanji anapopanso makina awo, kuwerenga, n'kutuma mnzawo kuti akaitane adokotala. Leah anapempha kuti amuimbire Eneless. Foni inaitana mpaka kuduka yokha. Anayesa ya Che Shaibu, inali yozima. Panalibenso china choti achite. Anagona cha kumanzere monga anamuuzira, dzanja lili pamimba, akuyang'ana galasi lakuda la foni. Timadontho toyera tija tinali titachuluka moti nkhope ya a nesi ankaiona mbali imodzi yokha.

Foni italira, a Suwilanji anayankha n'kukweza mawu kuti amve.

"Madamu." Eneless ankalira, ndipo Leah sanathe kudziwa kuti kulirako n'kwa mtundu wanji.

"Nenani, Anti."

"Ali moyo. Am'peza pamwamba pa matumba a ufa, pa tebulo paja. Madzi anali atafika pa thumba limene anakhalapo. Akunjenjemera, sakulankhula, koma ali moyo. Bambo ake am'nyamula paphewa, akukwera kuno."

M'wodi monse munamveka kupuma. Mayi wina wa pa bedi la kukona anayamba kupemphera mokweza. Leah sanalire.

"Mayi ake?"

"Achekedwa mwendo ndi lata, koma akuyenda okha."

"Tumani munthu kumtsinje akawauze ena aja atuluke m'madzi. Aliya mupite naye kuchipatala, musangom'funditsa. Clifford, wamva?"

"Ndamva, achemwali." Mawu a Clifford nawo sanali bwino.

Leah anatembenukira kwa a Suwilanji. "A nesi, maso anga akuchita mdima. Anayamba kale."

A Suwilanji anaika foni pa pilo n'kuimirira. "Ndinadziwa," anatero. Adokotala anali akulowa kale pakhomo.

Madzulo omwewo anam'chita opaleshoni. Anabadwa mwana wamwamuna, wochepa thupi, amene anayamba wakhala kuchipinda cha ana osakwana masiku asanam'patse mayi ake kuti azim'fungatira pachifuwa. Mackson anamva zonse ali pa chipata cha m'malire cha Dedza, n'kufika m'mawa mwake ndi zovala za pa ulendo. Leah bipi inatenga nthawi kuti itsike, ndipo anakhalitsa m'chipatala kuposa mmene ankaganizira. Ku Kawale madzi anaphwa usiku womwewo, koma khoma lakumbuyo la nyumba ya sukulu, mbali ya kachipinda ka katundu, linagwa tsiku lotsatira, denga n'kupendekera mkati. Clifford atapitako anapeza kamera ili lende pa waya, yodzaza matope.

Hafsah anabwera kudzamuona Loweruka lina masana, akutsimphina, mwendo uli ndi bandeji, Aliya ali kumbuyo kwake atagwira chitenje. Che Shaibu anatsala panja pa wodi. Hafsah anaika fulasiki ya tiyi pa kabati, kum'suzumira khandalo pachifuwa pa Leah, n'kukhala pa benchi.

"Walankhula dzana," anatero, akuloza Aliya ndi chibwano. "Ndinamufunsa kuti Anti akuitana, iwe osayankha bwanji? Akuti podzuka anapeza diresi lanyowa, ndiye anayesa wakodza pa mphasa. Anakabisala kuopa kuti anzake amuseka. Anti akuitana iye amayesa akufuna akam'kalipire."

Leah anayang'ana mwanayo, amene tsopano anali atasiya chitenje n'kukaima pa bedi la Mwiza akuyang'anitsitsa khanda la kumeneko.

"Nanga sukulu?" anafunsa Hafsah. "Ine kumsika ndikupita naye, koma si malo a mwana."

"Nyumba ija ndiye ayi. Ngakhale ataikonza."

"Kuseri kwa mzikiti kuli ina, kumtunda. Eni ake ndi ovuta, safuna phokoso la ana, koma ndi amalume awo a bambo a Aliya. Ndawauza bambo akewo akalankhule nawo Lachisanu akaweruka ku mapemphero. Chimbudzi chokha ndicho chikufunika kukonza."

"Ndimuuza Eneless akaione."

Hafsah anatsegula fulasiki n'kuthira tiyi m'kapu. "Anti Eneless akutizemba. Akandiona pamsewu akumakhota. Muwauze abwere kunyumba, palibe mlandu. Bambo akenso anadutsa pafupi ndi kachipinda komweko kangapo ali ndi ana a eni m'manja, ndipo mpaka lero sakugona bwino." Anam'patsira kapuyo. "Imwani usanazizire, khandalo ndikugwirirani."